Sabata ya ku Nyika ndi malenzi atatu

Ndafika dzulo usiku kuchokera ku Nyika, msana ukuwawa, thalauzi m'mawondo matope okhaokha. Bungwe lina linandituma kuti ndikajambule maluwa a kalendala yawo, amafuna ma orchid basi, ndiye nyengo yake ndi ino ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, phiri lonse limangoti mbuu maluwa. Kumeneko kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200.

Ndinanyamula kamera yanga ya 80D ndi malenzi atatu a macro (ojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi): Canon 60mm yanga yakale ija, Canon 100mm f/2.8L, ndi Laowa 100mm yobwereka kwa mnzanga, amene anandiuza katatu konse kuti ndikaigwetsa ndisabwerenso ku Lilongwe kkkk.

Lolemba lonse linathera pamsewu. Kuchoka pa Rumphi kudzera pageti la Thazima mpaka ku Chelinda nthawi ya mvula si masewera.

Lachiwiri ndinayamba ndi 60mm chifukwa ndiyopepuka, magalamu 335 okha, utha kuyenda nayo tsiku lonse khosi osamva kanthu. Vuto lake ndi loti kuti kaduwa kadzaze chithunzi uyenera kuyandikira mpaka pangotsala masentimita 9 kapena cha pomwepo, ndiye mthunzi wako womwe ukuphimba duwa, njuchi yomwe umaifuna yathawa kale, iwe uli chigonere paudzu wonyowa ngati ukupepesa kwa apongozi. Pa maluwa okhaokha ndiyabwino ndithu, koma pa tizilombo iwalani.

Ya 100mm L ija imakupatsa mpata, umaima patali pang'ono, kuwala kumalowa, ndipo kumbuyo kwa duwa kumasungunuka bwino moti udzu wonse uja umangokhala ngati nsalu yobiriwira. Ili ndi stabilizer, imathandiza manja akamanjenjemera ndi kuzizira, koma stabilizer imagwira manja ako osati duwa. Mphepo ya ku Nyika siipuma abale.

Nkhani yonse inali Lachinayi. Ndinapeza ka orchid ka mtundu wa Disa kofiirira m'mbali mwa dambo, ndinati apa ndiye pa Laowa, paja iyo imakulitsa kawiri, 2:1, pomwe zinazo zimathera pa 1:1, kukula kwenikweni kwa chinthucho. Ilibe autofocus, umapotokola wekha. Ukafika pa 2:1 malo owoneka bwino sakwana ndi milimita imodzi yomwe, ukapuma mpweya focus yapita, kamphepo kakangoti pang'ono duwa latuluka mu frame. Ndinachepetsa kabowo ka lenzi mpaka f/16 kuti zambiri zilowe mu focus, kuwala kunachepa, liwiro la shutter linatsika, zithunzi zonse mbwerera. Ranger amene ndinali naye anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati "Achimwene, bwanji ndingokutchingirani ndi ambulera?" Anagwada kumbali yochokera mphepo, ambulera m'manja, ine ndi flash yomwe ndinaikulunga pepala loyera kuti isawale mwaukali. Pa zithunzi pafupifupi 200 zinatuluka zinayi. Koma zinayizo eeh, kadontho ka mame kali pa mlomo wa duwa ndipo m'kati mwake mukuoneka phiri lili chadodolido.

Tikupuma anandisonyeza timaenje tomwe anthu anakumba usiku. Akuti amafuna timizu ta ma orchid omwewa, aja amapangira chakudya chotchedwa chikanda, kumeneko amati chinaka. Zinandikhudza, chifukwa ukakumba muzu duwalo lathera pomwepo.

Madzulo ake ndinachita zopusa ndekha. Ndinachoka panja pozizira kulowa mchipinda momwe munali moto, nkutsegula chikwama nthawi yomweyo, magalasi onse anachita nthunzi. Mtima unali phaa poganiza za lenzi ya eni ake. Ndinangozisiya patebulo kutali ndi moto, pakutha pa ola zinayera.

Lachisanu sindinavutikenso kusinthasintha, ndinamanga 100mm L kuyambira mmawa mpaka nkhungu itatseka cha m'ma 3. Pa zithunzi 12 zomwe ndatumiza lero, zisanu ndi zitatu ndi za iyoyo, zitatu za Laowa, chimodzi cha 60mm. Abwana a kalendala ayankha kuti chomwe chawasangalatsa kwambiri ndi cha 60mm chija, ati chifukwa mukuoneka mbidzi kumbuyo. Laowa ndikabweza mawa.