Mapu amene ndinadula ndi sizasi

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa Pangaea pa phunziro la jogalafe, ndipo poyamba zinkandimvekera ngati nthano za madzulo. Eti zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo makontinenti onsewa anali chimtunda chimodzi. Ndinatenga mapu akale a mng'ono wanga, n'kudula Africa ndi South America ndi sizasi. Nditaziyandikizitsa patebulo, chigongono cha Brazil chinalowa bwinobwino m'khwapa mwa Africa, cha ku Nigeria ndi Cameroon kuja. Ndinangoti kukamwa yasa.

Koma kufanana kwa maonekedwe pakokha si umboni. Alfred Wegener wa ku Germany ananena mu 1912 kuti makontinenti anali chimtunda chimodzi, akatswiri anzake ambiri n'kumutsutsa chifukwa sanathe kufotokoza bwino chimene chingakankhe mtunda wonsewo. Bamboyu anafera m'chipale ku Greenland mu 1930 maganizo ake asanavomerezedwe. Zinatenga mpaka zaka za m'ma 1960, atafufuza pansi pa nyanja, kuti anthu aone kuti pakati pa Atlantic pamatuluka mwala watsopano umene ukutalikitsa mbali ziwirizi.

Ine chimene chinandigonjetsa ndi Mesosaurus, kanyama ka m'madzi konga ng'azi. Mafupa ake amapezeka ku South America ndi kum'mwera kwa Africa kokha. Kanyama kotalika mwina mita imodzi kakanawoloka bwanji chinyanja chonse chija? Sikanawoloke. Kunalibe chowoloka.

Liwiro limene makontinentiwa akutalikirana ndiye lochititsa manyazi: masentimita ochepa pachaka, mofanana ndi mmene zikhadabo zimakulira. Ndinayang'ana zala zanga n'kuseka ndekha.

Chinandipweteka pang'ono n'chakuti ndinkaloweza zonsezi ngati nkhani ya kutali, pomwe Nyanja ya Malawi ili m'chigwa cha Rift Valley, malo amene Africa ikung'ambika pang'onopang'ono panopa. Zivomezi zimene zinagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009 n'zochokera ku ming'alu yomweyo. Ndakhala ndikudya usipa wa m'nyanja imeneyi moyo wanga wonse osadziwa kuti madzi ake akhala pa mng'alu.

Mawa ndiyamba za Rodinia, chimtunda chimene chinalipo Pangaea isanabadwe. Koma ndiyambe ndapeza selotepi, chifukwa mwini mapu wazindikira kuti Brazil palibe.