Kuliza mouthpiece payokha komanso kulimba kwa mpweya pa lipenga

Aphunzitsi athu a bandi ya kutchalitchi ku Kawale salola munthu kunyamula lipenga asanalize mouthpiece (kachitsulo kochotseka komwe umaikapo milomo) payokha. Umaigwira ndi zala ziwiri cha kumchira, osaikanikiza pamilomo, kenako n'kumatsatira manotsi a kiyibodi, kukwera ndi kutsika mosadumpha. Amene anatchukitsa kwambiri njirayi ndi James Stamp, mphunzitsi wa lipenga wa ku America. Kulira kwa mouthpiece payokha sikokoma ayi, kumamveka ngati bemberezi watsekeredwa m'botolo, moti ana a pa mdadada wathu amaseka akamandimva m'mawa.

Ukamailiza choncho, mpweya umangothawa popanda choutchinga. Lipenga la B-flat lili ndi paipi yotalika pafupifupi mamita 1.5 itapindidwapindidwa, ndipo paipiyo imabweza mafunde a mawu kumilomo, n'kuithandiza kukhazikika pa noti. Ukachotsa paipiyo thandizo latha, noti uipeze ndi khutu lako. Phindu lake ndi lomwelo, vuto lakenso ndi lomwelo, chifukwa milomo imayamba kufinyana kuti ipange yokha kulimba komwe kwasowako. Aphunzitsi anandiuza kuti, "Mwana wanga, tsekako pang'ono kubowo la kumchira ndi chala chaching'onocho." Nditatero mpweya unayamba kukankha mobwerera, milomo n'kumasuka.

Apa m'pomwe ndinayamba kufunsa za kapangidwe ka mouthpiece. Yanga ndi Bach 7C, yomwe imabwera ndi malipenga ambiri a ophunzira. Pa manambala a Bach, nambala ikachepa ndiye kuti pokhala milomo pakula, choncho 3C ndi yotakasuka kuposa 7C, pomwe chilembocho chimanena za kuya kwa kapu, kadzenje kozunguliridwa ndi pokhala milomo paja. Mnzanga wina woimba manotsi apamwamba ali ndi Schilke 14A4a. Kapu yake ndi yosaya, ndipo njira ya mkati mwa mchira, yomwe oimba amati backbore, ndi yothina. Nditaiyesa ndinamva mpweya ukubwerera msanga, manotsi apamwamba akutuluka akuthwa, koma apansi anauma, analibe mnofu.

Ambiri timangoyang'ana kapu poti ndi yomwe imaoneka. Koma kabowo ka pansi pa kapu, kotchedwa throat, kali ndi mphamvu zedi. Pa Bach kamakhala ka saizi 27, komwe ndi pafupifupi mamilimita 3.66, ndipo nambala ikatsika, mwachitsanzo 24, bowolo lakula. Bowo lalikulu limalola mpweya wambiri ndipo mawu amadzadza, komatu limafuna mapapo ndi milomo yokhwima. Wophunzira ngati ine angatope nyimbo isanafike pakati. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anyamata omwe amapita nayo kwa owotcherera kuti akaikulitse ndi dirilo. Chitsulo chikachoka sichibwereranso, ndipo mouthpiece yatsopano mu Lilongwe muno siipezeka wamba.

Chinanso, kulimba komwe ukumva pa mouthpiece payokha sikukuuza mmene izikhalira ikalowa m'lipenga, choncho usaiweruze usanailumikize. Ndipo ikayamba kulimba mwadzidzidzi, uyambe waisuzumira padzuwa. Litsiro la malovu ndi zakudya limaunjikana m'kabowo kaja n'kukachepetsa. Madzi ofunda, sopo ndi kaburashi kakang'ono zimakonza zimenezo popanda kugula china chilichonse.