Ndamaliza abale, zikomo nonse

Sabata yatha aphunzitsi andiuza kuti kafukufuku wanga wadutsa, digiri yachiwiri ija yatheka, nde ndati ndisagone ndisanathokoze chifukwa zaka ziwiri zimenezi ndaona zakuda.

Ambiri mumandifunsa kuti iwe mpaka ku America kukaphunzira za sitima zakale? Eya. Ndimafufuza za Pacific Electric, sitima zoyendera magetsi zomwe anthu kuno ku Los Angeles ankangoziti Red Cars poti zinali zofiira. Kampaniyi anaiyambitsa Henry Huntington mu 1901 ndipo njanji zake zinapitirira mamailosi 1,000, kuchoka mtauni mpaka Long Beach, Pasadena, San Bernardino uko. Magalimoto atachuluka anthu anasiya kukwera, yomaliza inayenda mu 1961 pa njira ya ku Long Beach, njanji zambiri anazula koma nyumba zina za kampaniyi zilipobe ndipo ntchito yanga inali kuziyendera imodzi imodzi.

Nde chaka chatha ndili mkati moyendamo ndinachita ngozi ya njinga, mwendo kuthyoka, miyezi itatu ndili chigonere, ndalama ya lendi inatha, ndinafika poganiza zongolongedza kubwerera kumudzi. A Malawi anzanga a kuno munasonkherana, ena kubwera ndi nsima ndi nyemba mu kontena, achimwene ena kupempha tchuthi kuntchito kuti andinyamule pa galimoto ndikajambule Ivy Substation ya 1907 ija m'mbali mwa Venice Boulevard, nyumba yomwe munali makina osintha magetsi kuti afike bwino pa mawaya a sitima, pano amachitiramo zisudzo. Anandigwirira ndodo ine ndikujambula makoma. Achimwene, Mulungu akudalitseni.

Koma malo amene anandigwira mtima ndi siteshoni ya Watts pa 103rd Street. Kanyumba kamatabwa chabe, ka mu 1904, ndipo pa zipolowe za 1965 nyumba zoyandikana nako zitapsa iko kanatsala chilili. Ndinakhala pamenepo ndi mwendo wanga wa pulasitala ndikuona sitima za masiku ano za A Line zikudutsa pomwepo, pa njira yomwe ija ya Red Cars imene anaitsegulanso mu 1990, misozi inangotuluka yokha.

Zikomonso azigogo ongodzipereka a ku myuziyamu ya sitima ku Perris, munandilowetsa mu Red Car yeniyeni nkundionetsa chogwirira chomwe woyendetsa ankapotoza, simunatope ndi mafunso anga.

Amayi, mapemphero anu a m'bandakucha pa WhatsApp aja ndimawamva onse ngakhale kuno kumakhala kuli usiku. Achemwali, ndalama ya fizi ija sindinaiwale. Ndipo malemu bambo anga omwe anagwira ntchito ku Malawi Railways ku Limbe nkumanditenga ndili mwana kukaona sitima zikulowa mu siteshoni, pepala loyamba la buku la kafukufuku wangayu ndalembapo dzina lawo. Ndikubwera nalo mu Disembala, amayi mudzalitsegule ndinu.