Mmene ndinasinthira umwini wa galimoto imene inali m'dzina la munthu wina

Galimoto imene ndinagula ku Blantyre ndi Toyota Vitz imene inalowa m'dziko muno kalekale kuchokera ku Japan, ndipo dzina limene linali mu blue book yake, buku losonyeza mwini galimoto, silinali la bambo amene ankandigulitsa. Zimenezi si zachilendo kwathu kuno, chifukwa galimoto zambiri zimadutsa m'manja mwa anthu angapo, aliyense kungolandira makiyi, blue book ndi kapepala ka mgwirizano, osapondako n'komwe ku Road Traffic. Bambowo sanandibisire kanthu: anati anaigula kwa mayi wina amene ankaphunzitsa ku Ndirande koma anapuma pantchito n'kubwerera kwawo ku Zomba, ndipo kwa iwo nkhani ya dzina inali yaing'ono, yoti tidzaikonza tikadzapeza mpata. Ine ndinawauza kuti sindipereka ndalama zonse tisanawapeze mayiwo.

Ndinaumirira chonchi chifukwa cha mmene kaundula wa galimoto amayendera masiku ano. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoitcha Road Traffic, imasunga mbiri ya galimoto iliyonse m'makina a kompyuta otchedwa MalTIS, ndipo m'chaka cha 2015 inakhazikitsa zoti munthu wofuna kuchita chilichonse chokhudza galimoto kapena laisensi azikhala ndi Traffic Register Card, imene ankaipeza atajambulidwa chithunzi ndi kutengedwa zidindo za zala. Choncho galimoto sichoka m'dzina la munthu chifukwa chakuti wina wabwera ndi kalata yosainidwa bwino. Mwini wake wolembedwayo amayenera kuonekera ndi kuika chala chake pamakina. Bambo wondigulitsayo, ngakhale anayendetsa galimotoyo kwa nthawi yaitali ndithu, m'kaundula munalibemo dzina lawo.

Titawaimbira lamya mayi aja, anavomera msanga kuposa mmene tinkaganizira. Anati nkhaniyi inkawasowetsa mtendere, popeza galimoto ikagunda munthu woyendetsa n'kuthawa, kapena ikagwidwa itanyamula katundu wakuba, apolisi amayamba kufunsa nambala, ndipo nambalayo imawafikitsa pakhomo pa amene dzina lake lili m'kaundula. Anthu ambiri amaona ngati kusintha umwini n'kothandiza wogula yekha, koma wogulitsa ndiye amene amakhala pamoto nthawi yonse imene dzina lake likuyenda m'misewu iye ali kunyumba. Tinagwirizana kuti ine ndiwalipirire ulendo wobwera ku Blantyre ndi wobwerera, ndipo ndinawakumbutsa kuti asaiwale chiphaso cha unzika cha ku NRB pamodzi ndi Traffic Register Card yawo. Yanga ndinali nayo kale. 

Podikira tsikulo ndinapita ndi makaniko kukaona manambala a galimoto, ndipo apa m'pamene ndinakhalitsa. Nambala ya chassis siikhala pamalo amodzi pa galimoto zonse: pa zina imadindidwa pachitsulo cha kuseri kwa injini, koma pa Vitz imeneyi ili pansi pa mpando wa dalaivala. Tinakankhira mpando kumbuyo, makaniko n'kutukula kachidutswa ka kapeti kodulidwiratu, kupukuta fumbi ndi chala chonyowa, kenako n'kuunikira ndi tochi ya foni. Iye ankawerenga chilembo chimodzichimodzi ine ndikutsata mu blue book, ndipo titamaliza tinasinthana, ine kuwerenga pachitsulo iye kutsata papepala, chifukwa 8 ndi B, kapena 5 ndi S, zimafanana kwambiri pachitsulo chakuda. Anapalasanso m'mbali mwa nambalayo ndi chikhadabo kuti amve ngati pali popalidwa, powotcherera kapena penti yatsopano, popeza akuba amadula chitsulo chonse cha nambala n'kuikapo china. Nambala ya injini inavuta kuiona chifukwa ili pamalo opanikizika ndiponso amafuta, koma nayonso inagwirizana ndi ya m'buku. Ikanasiyana, zikanatanthauza kuti injini inasinthidwapo osadziwitsa a Road Traffic, ndipo zimenezo zikanayenera kukonzedwa kaye ndi mapepala osonyeza kumene injini yatsopanoyo inachokera. Mtundu wa penti nawonso uyenera kukhala womwewo umene unalembedwa.

Kenaka ndinapempha mapepala a msonkho. Galimoto zochokera ku Japan zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena zimadzera ku Durban ndi Beira n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo iliyonse imayenera kulipiridwa msonkho ku MRA isanalembetsedwe. Mwamwayi, mayi aja anasunga zonse mu envelopu imodzi imene anapatsira bambowo pogulitsana. Ndinkafuna kutsimikiza kuti galimotoyo sinalowe mwaulere pa chilolezo chapadera monga zimalowera galimoto za mabungwe ena, chifukwa yotero sigulitsidwa popanda chilolezo cha MRA, ndipo msonkho umene unakhululukidwa poyamba ukhoza kudzatsalira wogula. Ndinafunsanso ngati inagulidwa pangongole ya kubanki, pakuti banki imakhala ndi mphamvu pa galimoto mpaka ngongole itatha, ndipo pamafunika kalata yake yoimasula. Pa zonsezi panalibe vuto. Tinaitengeranso kupolisi, kumene anayerekeza manambala omwe aja ndi a galimoto zimene zinanenedwa kuti zabedwa, ndipo anatipatsa chikalata chosonyeza kuti ilibe mlandu.

Kalata ya mgwirizano ndinailemba ndekha, ndipo ndinaikamo anthu atatu osati awiri. Inanena kuti mayi aja, amene dzina lawo lili mu blue book, anagulitsa galimoto kwa bambowo ndipo analandira ndalama zawo zonse. Kuti bambowo akuigulitsa kwa ine pamtengo umene tinagwirizana. Ndiponso kuti onse awiri akuvomereza kuti umwini uchoke kwa mayiwo kubwera kwa ine. Tinalembamo nambala ya galimoto, ya chassis, ya injini, manambala a ziphaso zathu za unzika ndi tsiku, ndipo mboni ziwiri zinasaina. Ndinapereka gawo la ndalama kudzera kubanki kuti pakhale umboni, ndipo zotsalazo tinalemba kuti zidzaperekedwa dzina likasintha. Bambowo anadandaula pang'ono kuti ndikuwatenga ngati wakuba, koma ndinawauza kuti: “Bambo, sindikukukayikirani inu ayi, koma moyo wa munthu sudziwika, mayiwa atati adwale kapena asamuke, ine ndidzagwira mtengo wanji?” Anamvetsa.

Tsiku lake tinakumana m'mamawa ku ofesi ya Road Traffic ku Ginnery Corner, galimoto tili nayo. Tisanalowe pachipata anatipeza anyamata ena, madobadoba amene sasowa pamalo otere, mmodzi n'kunena kuti: “Abwana, tipatseni mapepalawo, inu mukakhale m'galimoto, zitheka lero lomwe.” Ndinawathokoza n'kupitirira. Pa ntchito imeneyi sindiona chimene dobadoba angamuchitire munthu, popeza chofunika kwambiri ndi chala cha wogulitsa ndi cha wogula, ndipo zimenezo sizitumizidwa. Komanso kupereka blue book ndi chiphaso cha unzika m'manja mwa munthu amene simudziwa kumene amagona n'kudziputira mavuto.

Tinalandira fomu yosinthira umwini, mayiwo n'kudzaza mbali ya wogulitsa, ine ya wogula, ndipo tinaphatikizapo blue book yeniyeni, kalata ya mgwirizano, chikalata cha kupolisi ndi mafotokope a ziphaso zathu. Titafika pakauntala, wogwira ntchito analemba nambala ya galimoto pakompyuta, ndipo dzina la mayi aja linatuluka. Anawauza kuti aike chala pakagalasi kowala ka makinawo. Makina anayamba akana, chifukwa chipumire pantchito mayiwo akhala akugwira khasu, ndipo mizere ya zala zawo inali itafufutika ndi kuuma. Wogwira ntchitoyo sanatekeseke, anangoti: “Mayi, pakani chalacho pamphumi kuti chinyowe pang'ono, kenaka muike mosakanikiza kwambiri.” Atatero chinavomera. Ine ndinaikanso changa, ndipo anandipatsa pepala losonyeza ndalama zoyenera kulipira. Ndalamazo ndinakalipira kubanki osati m'manja mwa munthu, ndipo ndinabwerera ndi lisiti.

Blue book yakale inatsala komweko, ndipo yatsopano inatuluka m'dzina langa. Ndisanachoke ndinaiwerenga mzere uliwonse, kuyambira kalembedwe ka dzina langa mpaka manambala a chassis ndi injini, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimakonzeka mosavuta munthu akadali pakauntala, koma chikadzaoneka patapita zaka, pogulitsa galimoto kapena pofuna chipukuta misozi ku inshulansi, chimadzetsa maulendo ambiri. Nambala ya galimoto sinasinthe, popeza ndinkaigula kuti ndiziyendera ndekha. Amene akugula kuti aziyendetsa matola akhala ndi ntchito ina pamwamba pa imeneyi, chifukwa galimoto zonyamula anthu molipiritsa zimakhala ndi nambala yofiira ndiponso zilolezo zakezake.

Ndimaganiza kawirikawiri za mmene zikanakhalira mayi aja akanapanda kupezeka. Mwini wolembedwa akamwalira, ana ake kapena mkazi wake sangangosaina m'malo mwake. Galimoto imakhala mbali ya chuma cha masiye, ndipo potsata lamulo la chuma cha masiye la 2011 pamafunika munthu wopatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, ntchito imene imadzera kukhoti kapena ku ofesi ya Administrator General, ndipo abale akakhala kuti akukangana, wogula amangoyang'ana galimoto imene analipira kale. Chimodzimodzinso mwini akakhala kuti anapita ku Johannesburg kukagwira ntchito ndipo sakudziwika tsiku lobwera. Galimoto ya kampani kapena bungwe imasinthidwa ndi munthu amene bungwelo linamulembetsa kuti aziliimira, osati dalaivala kapena aliyense amene wapezeka ndi makiyi.

Titatuluka, ndinatumiza ndalama zotsala kwa bambowo tili pomwepo, ndipo mayi aja ndinawapatsa fotokope ya kalata ya mgwirizano ndi ya blue book yatsopano kuti akasunge, wina akadzawafunsa za galimotoyo adzakhale ndi chosonyeza. Kuchokera apo ndinalunjika ku kampani ya inshulansi. Kachikalata ka inshulansi kamene kanali pagalasi kanali kasanathe masiku, koma inshulansi ndi mgwirizano wa kampani ndi munthu amene anaigula, ndipo sisamuka yokha pamodzi ndi galimoto. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshulansi, ngakhale ya third party imene imateteza anthu ena pangozi, choncho ndinagula yatsopano m'dzina langa poonetsa blue book ija, n'kumata kachikalata kake pagalasi. COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, inali idakali ndi miyezi ingapo, ndipo tsiku limene idzathe ndinalilemba kuseri kwa envelopu ya mapepala a galimotoyo.