Tinaonera filimu ya sing'anga ku Prague, ine maganizo ali ku Liwonde

Pa ulendo wa ku Czech Republic tinalipo asanu ndi atatu: anamwino, alangizi a zaumoyo ndi ine amene ndimapereka mankhwala pawindo. Tinapita kukaona momwe anzathu amasamalira okalamba odwala, ndipo zimenezo ndinalemba kale ku ofesi. Pano ndikufuna ndisimbe za usiku wachinayi, umene sunali pa ndondomeko.

Otilandira anatitengera ku holo yaing'ono kukaonera filimu ya 2020 yotchedwa Šarlatán, yokonzedwa ndi mayi wa ku Poland, Agnieszka Holland. Dzinalo limatanthauza munthu wonamizira kuchiritsa. Nkhani yake ndi ya Jan Mikolášek, amene anabadwa mu 1889 n'kumwalira mu 1973. Bamboyu sanapite kusukulu ya udokotala. Ankatenga botolo la mkodzo wa wodwala, n'kuliyang'ana powala, n'kutchula matenda, kenako n'kulemba zitsamba zoti akamwe. Luso limeneli analitola kwa mayi wina wachikulire wodziwa mitengo. Kwa iye kunkapita alimi ndi olemera omwe, mpaka pulezidenti Antonín Zápotocký. Pulezidentiyo atamwalira mu 1957, mthunzi umene ankabisalamo unatha, boma la Chikomyunizimu linamugwira.

Magetsi atayaka, eni dziko sanachedwe kutsutsana. Dokotala wina wachinyamata anati mumkodzo ungaonemo magazi kapena mafinya, inde, koma osati matenda onse, ndipo munthu wolemera ndi mantha a odwala sayenera kumupangira filimu. Agogo ena aakazi anaimirira atagwira ndodo, mawu akunjenjemera. Anati mayi awo anatumizako botolo papositi, zitsamba zinabwera, ndipo anakhala ndi moyo zaka zambiri. Wotimasulira anachita thukuta. Bambo wina anakumbutsa anthu kuti mufilimu sing'angayo akumuzenga mlandu wopha anthu ndi poizoni, pomwe mlandu weniweni wa 1959 unali wa msonkho ndi kukweza mitengo ya zitsamba. Ena a gulu lathu anali atakhumudwa ndi mbali yoonetsa chikondi cha sing'angayo ndi mwamuna womuthandiza, koma anangoweramitsa mitu.

Atatifunsa ife alendo, ndinaimirira, chifukwa filimu yonse ine maso anali pa mzere wa anthu kunja kwa geti, aliyense atafumbata kabotolo kake. Mzere umenewo ndimaudziwa. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira kumudzi wa Chikamana pafupi ndi Liwonde, kwa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mtengo wochiza Edzi. Madziwo ankawatchula kuti mchape, ndipo ankamwetsa ulere. Mayi anga anagulitsa mbuzi kuti akwere lole ndi achimwene anga, amene panthawiyo sankathanso kuyenda okha. Anamwa. Pobwera ankaimba nyimbo, ndipo achimwene anadya nsima mitanda iwiri, zimene tinali titaiwala. Anatisiya chaka chotsatira. Mchape sunachize Edzi, zimenezo ndinanena poyera m'holomo, ndipo dokotala uja anagwedeza mutu kuvomera. Koma ndinawauzanso kuti ma ARV aulere anayamba mu 2004. Zaka zonse za m'mbuyomo, wodwala ngati achimwene ankangouzidwa kuti bwererani kunyumba muzikadya zamagulu. Mayi anga akanalowera kuti?

Agogo aja anadikira kuti wotimasulira amalize, n'kubwera kudzandigwira mkono. Sitinamvane mawu ngakhale amodzi.

M'mawa mwake tinapempha kuti atiperekeze ku Jenštejn, kamudzi kamene Mikolášek ankalandirira odwala, kungotuluka pang'ono mu Prague. Basi inatitsitsa mukuzizira koluma zala. Pali nsanja yakale yozungulira, nyumba zochepa, bata lokhalokha. Tinayenda mumsewu umene anthu ankafolamo, tikutsutsanabe. Namwino wathu wamkulu anati iye waona ana ambiri akufika mochedwa ndi malungo chifukwa choyamba kwa asing'anga, ndipo sangawaikire kumbuyo. Sindinawatsutse, chifukwa ana amenewo nanenso ndawaona. Ndinangowafunsa kuti, “Amayi, nanga akafika pawindo langa n'kupeza LA watha, mawa apita kuti?” Sanayankhe msanga. Tili m'basi pobwerera anandiuza kuti tikafika kwathu tikaitane asing'anga a m'dera lathu, tikhale nawo pansi, tigwirizane zizindikiro zimene akaziona azitumiza mwana kuchipatala tsiku lomwelo. Msonkhanowo tauika Loweruka likudzali, ndipo amfumu avomera kutibwereka bwalo.