Zikomo nonse, amayi akuonanso

Abale ndi alongo, anzathu a ku mpingo, ndi nonse amene mwakhala mukutiimbira foni kufunsa za amayi, ndabwera kudzathokoza. Amayi akuona. Ng'ala ya diso lamanja inachotsedwa, ndipo kutupa kumene kunabwera pambuyo pa opaleshoni kwaphwa. Adokotala atiuza okha titapita kukaonetsanso diso sabata yathayi. Ambuye alemekezeke.

Ambiri mukudziwa mmene zinthu zinafikira. Amayi anasiya kusoka, anasiya kuwerenga Baibulo lawo, mpaka mlendo ankamuzindikira ndi mawu okha. Ena ankatiuza kuti ndi ukalamba, tingovomereza. Choncho woyamba kumuthokoza ndi wazaumoyo wa pa chipatala chathu chaching'ono, amene anawaunika ndi tochi n'kunena mosazungulira kuti ng'ala imachotsedwa, ndipo anatilembera kalata yopita ku chipatala cha maso. Anatichenjezanso kuti popeza amayi ali ndi matenda a shuga, shugayo atsike kaye asanalowe kuopaleshoni.

Opaleshoni yake siinatenge nthawi. Sanawagonetse, anangochititsa dzanzi disolo, n'kuchotsa kagalasi kachibadwa kamene kanachita mbuu, n'kuikapo kapulasitiki koonekera bwino. Njira yoika kagalasi kotere anaiyamba ndi Harold Ridley ku London mu 1949, ndipo lero yafika mpaka kwa mayi anga. M'mawa mwake anamwino atamatula bandeji, amayi anayang'ana chitenje chimene anavala, n'kufunsa kuti, "Kodi chimenechi n'chobiriwira? Ine ndinkayesa chakuda." Ndinalira pomwepo, pamaso pa anthu.

Koma patapita milungu ingapo, amayi anayamba kudandaula kuti pakati pa chimene akuyang'ana pakuchita chimbuuzi, ndipo mafelemu a chitseko akuoneka okhota. Mtima wanga unasweka. Apa ndi pamene ndikufuna kuthokoza mwapadera adokotala a maso amene anatilandira titabwerera. Mzere unali wautali panja, koma anatikhazika pansi, n'kujambula kumbuyo kwa diso ndi makina otchedwa OCT, amene amaonetsa zigawo za mkati mwa diso popanda kulikhudza. Kenako anatembenuza kompyuta kuti nafenso tione.

Anatilozera retina, gawo limene limalandira kuwala. Pansi pake anatilozera chigawo china chotchedwa choroid, chodzaza ndi timitsempha ta magazi, chimene chimadyetsa retina monga mmene dothi lachinyontho la m'dimba limadyetsera mbewu. Kukhuthala kwake pakatikati pa diso ndi pafupifupi kota ya milimita, ndipo chimanka chipyapyala munthu akamakalamba. Anatifotokozera kuti ng'ala ikachotsedwa, mwa anthu ambiri chigawo chimenechi chimakhuthala pang'ono kwa milungu kapena miyezi ingapo, chifukwa diso lachekedwa ndipo thupi limayankha ndi kutupa, timitsempha n'kutanuka. Mpeni umagwira kutsogolo kwa diso, koma kumbuyo nakonso kumamva. Kukhuthala kumeneko pakokha si matenda. Vuto la amayi linali lakuti madzi anadikha pakati penipeni pa retina, malo amene timawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Madokotala akhala akulidziwa vutoli kuyambira mu 1953, limakonda kuonekera pakatha mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo limagwira kwambiri anthu a shuga.

Mwina wina anganene kuti zonsezi n'zakusukulu, mayi wa kumudzi azimveranji. Ine ndikutsutsa. Amayi atamva kuti ng'ala sinabwerere ndipo diso silinawonongeke, anasiya kudziimba mlandu, anasiyanso kumvera amene ankawanong'oneza kuti adonthezemo mankhwala azitsamba. Anatipatsa mitundu iwiri ya mankhwala odontheza m'diso othetsa kutupa, ndipo ulendo uliwonse adokotala ankaika chithunzi chatsopano pambali pa chakale. Tinkaona ndi maso athu timatumba ta madzi tija tikuchepa. Adokotala, mukaona uthengawu, dziwani kuti banja lathu silidzakuiwalani.

Zikomo anamwino amene munatiphunzitsa kusamba m'manja ndi sopo, kukokera chikope pansi, ndi kudontheza mosagunditsa kamwa ya botolo pa diso. Zikomo mdzukulu wawo wa amayi, mwana wa achemwali anga, amene ankadzuka m'mamawa kuwadontheza mankhwala asanapite kusukulu, n'kumachonga m'kope lake kuti asadumphitse. Mwana iwe, wagwira ntchito ya munthu wamkulu. Achimwene a ku Johannesburg, ndalama za thiransipoti zimene munkatumiza ndi zimene zinatithandiza kuti tisajombe tsiku lililonse limene anatiitana. Amayi a Mvano, munabwera ndi ufa, nkhuni ndi mapemphero, ndiponso munaphika kuti amayi asayandikire utsi. Anzathu oyandikana nawo nyumba, munapalira munda wonse amayi ataletsedwa kuwerama ndi kunyamula zolemera. Tilibe chokubwezerani, Mulungu yekha akudalitseni.

Kwa inu amene muli ndi agogo kapena makolo amene maso achita mbuu, apititseni akaunikidwe. Ng'ala amachotsa ku Lions Sight First ku Queens mu Blantyre, ku Kamuzu Central mu Lilongwe, ku Nkhoma, komanso ku zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu. Akachitidwa opaleshoni, muzibwerera nawo pa masiku amene mwauzidwa ngakhale akuona bwino, makamaka ngati ali ndi shuga.

Diso lamanzere nalonso lili ndi ng'ala, ndipo adokotala ati alichita opaleshoni shuga akapitiriza kukhala bwino, nthawi ino ayambiratu mankhwala oteteza kutupa. Pitirizani kutikumbukira m'mapemphero. Amayi ati ndikuuzeni kuti Lamulungu likubwerali abwera kutchalitchi, adzakuthokozeni okha pamaso.