Ulendo wa ku Livingstone ndi mlatho wathu wa nsungwi

Tinanyamuka ku Lilongwe kusanache, aphunzitsi atatu ndi ophunzira asanu ndi atatu a kalabu ya sayansi ya pasukulu pathu. Anzathu a sukulu ina ya ku Livingstone, ku Zambia, anatiitana kuti tikaphunzitsane kamangidwe ka timilatho toyeserera. Wathu tinali titaumanga kale ndi nsungwi zosengasenga, ulusi ndi guluu wa akalipentala. Mtsikana wina wa Fomu 3 anaufungatira m'katoni pamiyendo ngati khanda, ndipo pa chipata cha Mwami anakana kuti katoniyo ikwere pamwamba pa katundu.

Msewu wochoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi wautali, ana ambiri anangogona. Anadzidzimuka pa Luangwa, pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu m'mbali mwa msewu. Mlatho wa pamenepo, womwe unamangidwa mu 1968, umagwiridwa ndi zingwe zachitsulo zochokera pamwamba pa mizati italiitali. Mnyamata wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, zingwe zokhazi n'kunyamula lole?" Ndinamuuza kuti asunge funsolo. Tinagona ku Lusaka, m'mawa mwake n'kudutsa Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, dzuwa likupendeka tinali titafika.

Anatilandira ndi manja awiri. Ambiri kumeneko amayankhula Chitonga ndi Chilozi, koma Chinyanja amachimva bwino, moti pofika nthawi ya nsima ana anali atagwirizana kale.

Tsiku loyesa milatho silidzandichoka m'maso. Anatalikitsa madesiki awiri mita imodzi, mlatho n'kuyanjikidwa pamwamba, chidebe chikulendewera pakati. Mwana mmodzi ankathira mchenga ndi kapu, ena onse akuwerenga mokweza. Ife tinali ndi chikhulupiriro chonse, chifukwa mlatho wathu unali wolemera kuposa ina yonse, nsungwi sitinaumire. Chidebe chisanafike ndi pakati pomwe, ndinamva kuti tswa! Mlathowo unayamba wapendekera kumanzere pang'onopang'ono ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe, kenako mfundo imodzi ya pakona inamasuka, zonse n'kugwera pansi. Mtsikana wa katoni uja anatola zidutswa misozi ili m'maso. Ndinaziyang'ana bwinobwino: nsungwi yothyoka panalibe ngakhale imodzi. Zinangolekana m'malo olumikizira.

Wa anzathuwo unali wowonda, wopepuka moti ukanaunyamula ndi zala ziwiri, koma unasenza chidebe chodzaza mpaka anachita kusanjikapo njerwa.

Mphunzitsi wawo, mayi wodekha kwambiri, sanafune kutichititsa manyazi. Anatenga timitengo tinayi, n'kutilumikiza m'makona ndi mapini, napatsa mwana wathu kuti akankhe pakona imodzi. Kanthuko kanapendama nthawi yomweyo. Atachotsapo kamtengo kamodzi n'kutsala makona atatu, mwanayo anakankha mpaka kuluma mano, osasuntha. Mlatho wathu unali wa makona anayi okhaokha, ngati makwerero awiri oyang'anizana. Wawo unali wa makona atatu kuyambira uku mpaka uko, pamwamba ndi pansi pomwe anapingasa timitengo kuti usapotoke. Mayiwo anatisonyezanso kuti katundu akalemera pakati, mtanda wa pamwamba umapanikizika pomwe wa pansi umakokeka. Wokokeka ukhoza kukhala wowonda, ngakhale chingwe chimakwanira, ndipo apa mnyamata wa funso la pa Luangwa uja anamwetulira. Koma wopanikizika ukakhala wautali ndi wowonda umapindika, choncho umafunika wonenepako kapena wogwiriziridwa pafupipafupi. Zinandikhudza kuti zimenezi ndimaziona tsiku ndi tsiku m'denga la kalasi yanga, momwe akalipentala anakhoma matabwa mwa makona atatu, koma sindinawauzepo ana kuti ayang'ane kumwamba.

M'mawa mwake tinapita kukaona mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Pa chipata anatipatsa chilolezo chongofikira pamlathopo, tinayenda wapansi. Mkokomo wa mathithi umamveka m'chifuwa, ndipo nthunzi ya madzi inkatinyowetsa kumaso. Mlathowu ndi wotalika mamita 198, ndipo kuchoka pomwe tinaima kufika pamadzi a Zambezi ndi mamita pafupifupi 128. Ana ena anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri, osafuna kusuzumira.

Titauonera chapambali, mtsikana uja ndiye anayamba kufuula: "Aphunzitsi, taonani, makona atatu okhaokha!" Zoonadi, pansi pa msewu ndi njanji pali uta waukulu wachitsulo, wolukidwa ndi zitsulo zopingasa, ndipo mapazi a utawo anaponda pa thanthwe mbali zonse ziwiri za phompho. Lole ikakwera pamwamba, kulemera kwake kumatsika ndi mizati, kulowa mu uta, n'kukathera m'mwala.

Amene anajambula mlathowu ndi George Hobson, ndipo masamu ake ambiri anawerengera ndi Ralph Freeman, yemwe pambuyo pake anadzagwira ntchito pa mlatho wotchuka wa ku Sydney. Zitsulo anazisula a Cleveland Bridge ku Darlington, ku England, zinabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji. Poti pansi pa phompho sakanaimikapo mizati yothandizira, anamanga kuchokera mbali zonse ziwiri, theka lililonse litamangiriridwa ndi zingwe ku thanthwe, mpaka kukakumana m'malere. Chomwe chinawagwira mtima ana ndi nkhani ya kukumanako. Madzulo ake zitsulo zinapitirirana pang'ono chifukwa zinali zitatanuka ndi kutentha kwa dzuwa. Amisiri anadikira usiku wonse, ndipo m'bandakucha wa pa 1 Epulo 1905, zitsulo zitazizira n'kubwerera, zinakhalana bwinobwino. Mlathowu unatsegulidwa mu Seputembala chaka chomwecho. Mabuku amatchula mayina a azungu okhaokha, koma ndili chiimire pamenepo ndinkaganizira za anthu akuda ambirimbiri amene ananyamula ndi kukhoma zitsulozo pamwamba pa phompho lotere. Mnyamata wina anayendetsa chala pa mitu ya misomali yachitsulo yomwe yandandalikana pa mfundo imodzi yokha, anawerenga n'kulekera panjira.

Usiku womaliza ana athu anapempha nsungwi zotsala. Anasakanikirana ndi anzawo a ku Zambia, anayamba ajambula mlatho wonse pa pepala lalikulu, n'kumadula kamtengo kalikonse molingana ndi chojambulacho. Pa mfundo iliyonse ankamatapo kachidutswa ka katoni yolimba mbali zonse ziwiri, monga zitsulo zaphanthiphanthi zomwe anaziona pamlatho paja. Wina anafuna kuti auyese nthawi yomweyo, koma mtsikana uja anakaniza: guluu agone kaye.

Sitinauyesere kumeneko, basi inali yolawirira. Unabwerera m'katoni yomwe ija, pamiyendo pomwe paja. Tinauyesa Lachisanu lotsatira pamaso pa sukulu yonse, madesiki atatalikirana mita imodzi. Chidebe chinadzaza mpaka pakamwa, ndipo tinatuma mwana kukatenga njerwa kuseri kwa khitchini.